MBIRI YA ACEWA M'MBALE YA NSIMA



Mafumu athu, anamkungwi, abale athu ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndi inu nonse alendo olemekezeka amene mwafika pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, takulandirani ndi manja awiri.

Pamene akuluakulu a bungwe lathu anatipempha kuti tilembeko mau m'kabuku ka cikumbutso aka, tinali titaganiza zolemba za mafumu ndi maulendo ao monga mwa nthawi zonse. Cimene cinatitembenuza mtima ndi kanthu kakang'ono kamene kanacitika kumudzi kwathu pa chuthi ca mwezi wa Epulo. Tinali kuyenda m'njira ya kudambo pamodzi ndi mdzukulu wathu wa zaka 15, wobadwira ndi kukulira ku Lusaka, mwana wanzeru ndithu amene mayeso a kusukulu sambvuta. Titafika pa kamunda ka mayi wina wokalamba, mtsikanayo anaima, naloza ngala zofiira zimene zinali zitawerama ndi kulemera, nafunsa kuti, "Agogo, nanga cimanga ici cabereka bwanji kumutu?" Anali mapira. Tinaseka, koma kuseka kwake kunathera pakhosi, pakuti mwanayo sanalakwe. Mbeu imene inalera makolo ake kwa zaka mazanamazana anaiona koyamba tsiku limenelo, ndipo ife agogo ake, amene timadzitama kuti mwambo timaudziwa, tinali tisanamuuzepo ngakhale dzina lake.

Tiyambire kumene makolo anayambira. Nthano yathu ya cilengedwe imati kalekalelo dziko linali louma, lopanda camoyo. Tsiku lina kunagwa cimvula, ndipo pamodzi ndi mvulayo panatsika mwamuna ndi mkazi pa thanthwe la Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique a masiku ano. Anthu awiriwo sanatsike cimanjamanja. Ananyamula khasu, mtondo ndi licero. Tiyeni timlingalire bwino katundu ameneyu. Mulibe mkondo, mulibe uta, mulibe ngakhale mpando wa ufumu. Makolo pofuna kufotokozera ana ao ciyambi ca munthu, anasankha zida zitatu za cakudya: colimira, cosinjira ndi copetera. Khasu nla onse, koma ziwiri zinazo nza m'manja mwa amayi, ndipo izi nzosadabwitsa kwa mtundu umene mwana amawerengedwa kucikazi.

Nanga mumtondo umenewo munkalowa ciani? Apa mpamene ambiri a ife timaphonya, cifukwa sicinali cimanga ai. Pamene makolo athu anacoka ku Malambo, m'dziko la Aluba ku Congo, nadzakhazikika ku Mankhamba kufupi ndi nyanja, nsima yao inali ya mapira, mawere ndi mcewere. Pambali pa mbeu zimenezi ankadzala nzama ndi khobwe. Ndiwo zambiri sizinali zodzala konse: luni ndi denje zinkamera zokha m'minda ndi m'masala, bowa ankazula m'nkhalango mvula ikagwa, ndipo inswa, mphalabungu, mbewa, nsomba za m'mitsinje ndi nyama za uzimba zinkabwera iliyonse pa nyengo yake. Makasu ankasula okha. Asodzi ndi alenje analipo, koma amisiri a ng'anjo ndiwo anachukitsa Amaravi kutali, kotero kuti makasu ao ankagulidwa mpaka ku Tete, kumidzi ya Apwitikizi.

Cakudya cimeneci sicinali ca m'mimba mokha. Mvula ikacedwa, akuluakulu ankapita kukacisi ndi ufa ndi mowa kukathira nsembe, ndipo cilala cikakula maso onse ankapenya ku Msinja, kwa Makewana, mayi wa ana onse, amene anali ndi udindo wopempha mvula kwa Cauta. Ufumu naonso unamangidwa pa nkhokwe. Undi atacoka ku Mankhamba pamodzi ndi Nyangu nakamanga likulu lake ku Mano, mafumu a pansi pake ankabwera pambuyo pa kukolola kudzanena za umoyo wa anthu ao, atasenza minyanga, zikopa za mikango ndi anyalugwe, ndiponso zokolola. Mfumu yaikulu sinali kudya yokha mitulo imeneyi. Inkadyetsa alendo, inkapatsa amithenga kamba wa panjira, ndipo kudera kumene kwagwa njala inkatumizako. Dzina lakuti Gawa limanena nchito imeneyi, ya wogawa malo ndi cuma kwa ana ake. Mwambo umene mwadzaonerera lero unayamba motero, ndipo ncifukwa cake umacitika m'mwezi wa Ogasiti, nkhokwe zili zodzaza.

Cimanga ndi mlendo. Kwao nku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo cinafika m'magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Kucokera kugombe cinakwera pang'onopang'ono ndi amalonda a m'cigwa ca Zambezi, m'njira zomwezo zimene munkadzera nsalu ndi mikanda. Akatswiri ena a mbiri amati ngakhale dzina lakelo limanena za cinthu cocokera kugombe. Sicinabwere cokha. Nshawa, zimene abale athu a ku Malawi amati mtedza, cinangwa, mbatata, maungu, nyemba, matimati, fodya ndi tsabola, zonsezi nzocokera ku America. Ticotse alendo amenewa m'mbale yathu, tione cimene citsale: cibwabwa cotendera capita, ciponde capita, cimanga cooca ca m'dzinja capita. Ngakhale mwambi uja wakuti tsabola wakale sawawa ukukamba za mbeu yobwera. Ife sitiona camanyazi pamenepa. Makolo analandira mbeu zacilendo, naziyesa m'nthaka yao, nazipatsa maina, naziphika mwa njira yao kufikira zinasanduka zathu. Amene anayamba kusinja nshawa ndi kuthira nsinjiro m'masamba a maungu sanatengere kwa Mpwitikizi. Inali nzeru ya mayi wa kuno.

Komabe kwa nthawi yaitali cimanga cinali cothandizira cabe. Ubwino wake unali wakuti cimaca msanga, nkupulumutsa anthu m'miyezi ya njala ya Febuluwale ndi Malici pamene mapira akali kumunda. Ubwino wina unali makoko ake. Ngala ya mapira ili pambalambanda, ndipo mbalame zikaipeza zimatha munda m'masiku owerengeka; cimanga cimabisa maso ake. Kanthu aka kakuoneka kocepa, koma tidzaona kutsogoloku kuti nkamene kanagamula mlandu pakati pa mbeu ziwirizi.

Tsopano tifike pa ana. Kale kunalibe tsiku limene mkulu ankakhazika pansi anyamata ndi atsikana nkunena kuti lero tiphunzira za cakudya ndi cikhalidwe. Maphunziro anali m'nchito yeniyeniyo, ndipo anali ndi makwerero ake. Mwana wamng'ono ankayamba ndi kuinga mbalame, atakhala pa nsanja pakati pa munda wa mapira kuyambira mbandakuca, akukuwa ndi kuponya miyala. Pamenepo anaphunzira kuti nsima ya caka camawa ili m'manja mwake, ndi kuti akagona tulo mudzi ugona ndi njala.

Kukolola kukatha kunkabwera masanje. Ife amene tinakulira kumudzi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 tinawapeza akali amoyo, ndipo tikawakumbukira mtima umawawa. Ana a mudzi wonse ankapita m'minda yokololedwa, namanga timisasa ta mapesi, nakunkha cimanga, nshawa ndi maungu zotsalira. Ankasankhana, uyu bambo, uyu mayi, uyu mfumu, ena ana, ndipo sipankalephera wina wokhala fisi wakuba miphika. Atsikana ankasinja m'timitondo tao, naphika nsima yeniyeni pa mafuwa enieni. Anyamata ankabwera ndi mbewa, mbalame ndi ziwala. Madzulo mbale ina inkapita kumudzi kuti amayi alawe. Nsima ikakhala yosapsa kapena ya mibulu, mtsikana ankasekedwa ndi anzake, ndipo mawa lake ankabvundula mosamala. Pofika pa msinkhu wa unamwali anali ataphika kale nkhali zosawerengeka, popanda womkalipira, popanda ufa wa m'nyumba woonongeka. Sitikhulupirira kuti pali sukulu ina imene inapeza njira yoposa imeneyi.

Anyamata anali ndi yao ya kuchire. Kukumba mbewa, kumene anthu a m'tauni amatiseka nako, ndi maphunziro athunthu. Mnyamata ankayenera kudziwa una wa kapuku ndi wa mende, kuzindikira una umene muli njoka, kutseka kothawira asanayambe kukumba, ndi kusamala moto kuti lupsa lisalowe m'manda kapena m'munda wa mwini. Pobwerera ankagawana mofanana, wamng'ono amene anangonyamula makasu naye nkulandira zake, ndipo mpani woyamba unkapita kwa amayi kapena kwa agogo. Mnyamata wodya yekha kuchire mbiri yake inkafika kumudzi iye asanafike.

Koma sukulu yaikulu koposa inali pamtondo. Ufa woyera umene timaukonda suli wa tsiku limodzi. Cimanga acitonole, acikonole ndi timadzi pang'ono, apete kucotsa gaga, mphale aibviike masiku angapo, aitsuke, aiyanike, aisinje, asefe, ufa auyanikenso pamphasa kufikira uume kuti mbee. Ngakhale matsukwa sankatayidwa, ankaphikira phala. Nchito yotere mkazi mmodzi sangaithe, motero ankathandizana, lero kwa uyu mawa kwa uje, misi iwiri kapena itatu m'mtondo umodzi. Mtsikana woima pakati pa amayi ake aang'ono ndi azakhali ankamva zonse: za maukwati, za matenda, za amene ali pacibale ndi yani. Nyimbo za pamtondo zinali bwalo la milandu la akazi. Mwamuna waulesi kapena mpongozi wankhanza ankamva mlandu wake ukuimbidwa mudzi wonse ukumvetsera, dzina lake osachulidwa, ndipo kawirikawiri ankasintha. Pomwepo mtsikana anaphunziranso kuceza cidulo ca therere kucokera ku phulusa, kufutsa masamba m'nyengo ya mvula ndi kuwamanga m'cikwatu ca masamba a msuku kuti banja lidye mfutso m'cilimwe.

Za m'cinamwali ndi za kudambwe sitingazitambasule m'kabuku kowerenga aliyense. Eni ake alipo ndipo akutimva. Tinganene cabe cimene aliyense adziwa, kuti malangizo ambiri a anamkungwi amazungulira pa moto, pa mphika ndi pa mcere. Mwambo wa mcere, wonena za nthawi imene mkazi sathira mcere m'ndiwo ndi za mdulo umene ungagwere banja ngati wina sanadzisunge, unkaphunzitsa kuti mphika umodzi umamanga miyoyo ya onse odyamo, ndi kuti khalidwe la munthu mmodzi lingapweteke mwana wosalakwa. Mnyamata naye mayeso ake otsiriza anali a cakudya. Pa cikamwini ankalima munda wa apongozi, naluka nkhokwe, akudya za m'nkhali ya apongoziwo, kufikira iwo atakhutira kuti angathe kudyetsa mwana wao. Pamenepo ndipo ankawapatula kuti akhale ndi mafuwa aoao.

Ndipo panali kadyedwe. Amuna ndi anyamata ankadyera pamodzi kubwalo, akazi ndi atsikana kwaokha, ndipo nyumba iliyonse inkatumiza mbale. Mkulu ndiye ankayamba kusamba m'manja, mwana nkutsiriza. Mwana sankayamba kutapa ndiwo, sankasankha nthuli, sankanyamuka akulu asanathe. Phindu la dongosolo limeneli linali lakuti mwana wamasiye, nkhalamba yopanda woiphikira ndi mlendo wodutsa ankakhuta osapempha, ndipo panalibe wodziwa kuti nyumba yakuti lero sinaphike. Pa maliro mpomwe cinkaonekera bwino: khomo lililonse ufa, khomo lililonse nkhuni, monga ticitira mpaka lero m'midzi yambiri. Kupatsa nkuika, anatero akale, ndipo ana sankauzidwa mwambiwu asanauone ndi maso.

Nanga zinatha bwanji? Sizinathe tsiku limodzi. Angoni ataoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo makamaka a Mpezeni atakhazikika m'dera lino, midzi yambiri ya Acewa inathawira m'malinga ndi m'mapiri, kumene kulima kunali kobvuta. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko la Undi popanda kumfunsa, ndipo mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni. Pambuyo pake panadza msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Ndalamazo kumudzi kunalibe, motero amuna anayamba ulendo wa ku Halale, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya ku Copperbelt. Ena anabwerako, ena anasanduka machona. Malo abwino ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anali m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi Azungu olima fodya, eni nthaka atapanikizidwa m'malo osungirako anthu akuda, mmene nthaka inaguga msanga. Mu 1934 Kulamba kunaletsedwa, ndipo kunakhala zii zaka 50, kufikira Kalonga Gawa Undi X anakuutsanso mu 1984.

Taganizani za mayi wotsala yekha pamudzi m'zaka zimenezo, mwamuna ali ku Halale, ana ayamba kupita kusukulu ya mishoni. Adzainga mbalame ndani? Pamenepo mpamene makoko a cimanga anapambana. Mayiyo sanasiye mapira cifukwa conyoza makolo. Anasankha mbeu imene akanatha kuisamala ndi manja awiri okha. Kumigodi nako anchito ankapatsidwa phoso la ufa wa cimanga, ndipo pobwera kumudzi anabwera ndi kamwa lozolowera.

Cotsalaco tinamaliza ndife, ndipo pano tiyenera kuulula. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linafuna kudyetsa anthu a m'matauni ndi ufa wochipa. Mu 1969 linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD, ndipo m'zaka zotsatira cimanga cinkagulidwa pa mtengo umodzi m'dziko lonse, feteleza naye atatsitsidwa mtengo. Kunabwera mbeu za haibulidi, poyamba SR52 ya ku Southern Rhodesia, pambuyo pake zathu za ku Mount Makulu. Kunabweranso ndondomeko ya Lima, yophunzitsa mlimi wamng'ono kuyeza munda wake m'zigawo zinai za hekitala ndi kuthira feteleza moyenera. Ife amene tinalowa nchito ya boma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 tinayenda m'midzi ndi uthenga umenewu, ndipo tinaukhulupirira ndi mtima wonse. Zokolola zinaculukadi, anthu anagula njinga ndi malata, ana anaphunzira ndi ndalama za cimanga. Koma tikukumbukira bwino lomwe kuti tinkati tikaona nkhalamba ikusunga kamunda ka mapira kapena ka mawere, tinkaiona ngati yotsalira m'mbuyo, ndipo nthawi zina tinkainena pamaso. M'mabuku athu a ofesi munalibe mzere wolembamo nzama, khobwe kapena mfutso. Cimene sicinalembedwe tinaciyesa copanda pake.

Cimanga catsopanoco cinali cofewa. Mumtondo cinkaphwanyika, ufa wambiri nkupita ndi gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankacikonda kuposa ca makolo cija colimba. Cinafuna cigayo, matumba ndi mankhwala. Sitidzanamiza amayi kuti kusinja kunali kokoma. Cigayo cinawapumuza msana ndi cifuwa, ndipo palibe mwamuna amene ali ndi ufulu wocidandaula pokhala sanagwirepo munsi. Komabe mtondo utagona pansi, sukulu ija ya pamtondo inatsekedwa, ndipo palibe amene anatsegula ina m'malo mwake. Ana anzeru anapita kusukulu zogonera komweko, kumene tinadya nsima ya mgaiwa ndi nyemba caka conse, nkuphunzira kucita manyazi ndi kamba wa mbewa amene amayi anatimangira. Titayamba nchito m'tauni tinagula unga wa m'thumba, tinadyera m'nyumba citseko cili cotseka, ndipo ana athu anakula akudziwa kuti nsima imacokera kusitolo.

Mtundu wodalira mbeu imodzi uli ngati nyumba ya mzati umodzi. Mu Disembala 1986 mtengo wa ufa wa breakfast utakwezedwa, ku Copperbelt kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Mu Juni 1990 zinacitikanso ku Lusaka, ndipo caka cotsatira boma linasintha. Cilala ca 1992 cinatidyetsa cimanga cacikasu cocokera kunja, cimene ambiri a ife tinadya tikung'ung'udza. Mu 2024 mvula inadukiza pakati pa dzinja, cimanga cili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la cilala. Mapira amapirira dzuwa. Mvula ikasowa amaima kudikira, ikabwera nkupitiriza kukula, pamene cimanga cikapserera pa nthawi ya ngaiyaye ndiye kuti catha. Izi makolo ankazidziwa, ncifukwa cake sankadzala mbeu imodzi. Lero alangizi a zaulimi akulimbikitsanso mapira, mawere, cinangwa ndi khobwe, mbeu zomwe zija tinkaseka nazo nkhalamba. Bvuto nlakuti m'midzi yambiri mbeu yake inatha, ndipo odziwa kuipuntha, kuipera pamphero ndi kuiphika akutha mmodzimmodzi.

Apa mpamene nkhani ya anyamata ndi atsikana athu isiya kukhala ya kukumbukira zakale cabe. Caka ndi caka timabwera nao kuno. Amaona Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Amaona anamwali atabvala cingondo. Amajambula ndi mafoni ao, nagula cipisi ndi zakumwa za m'botolo pamseu, nakwera basi kubwerera. Gule tinamteteza cifukwa amaoneka ndipo alendo amamuombera m'manja. Za kuseri kwa nyumba, kumene kuli mafuwa, palibe anaziimbira ng'oma. Koma gule amene amabvinidwa pa maliro ndi pa cinamwali sanayambe wabvinidwapo popanda amayi ofulula ndi ophika, ndipo mwana amene waona bwalo lokha waona theka la mwambo.

Tikawaphunzitsa, tiwauze zoona. Tisawanamize kuti nsima ya cimanga inatsika pa Kaphirintiwa, pakuti tsiku lina adzawerenga okha ndipo adzakayika zonse zimene tinawauza. Tisawakalipire cifukwa cokonda mpunga ndi buledi. Mtundu umene unalandira nshawa ndi maungu sungatseke citseko lero. Tibvomerenso kuti si zonse za kale zinali zabwino. Kumana ana ndi amayi apakati mazira, kapena kupatsa bambo nyama yonse ana nkutsala ndi msuzi, ngakhale kunali ndi zifukwa zake zonenedwa, kunafooketsa ana ambiri, ndipo ife sitilira kuti kukutha. Cimene tiyenera kuwapatsa ndi maina a mbeu ndi masamba, nyengo yake, kakonzedwe kake, ndi lamulo lija lakuti mbale siidyedwa mobisa.

Ndipo izi sizilowa ndi m'makutu. Tayesa ife kukamba pakhonde madzulo. Mwana amamvera mwaulemu, maso ali pa foni. Koma mpatseni munsi, mtumeni ndi azakhali ake kukathyola denje, msiyeni apse cala pokhuthula nsima ndi cipande, mudzaona mafunso akubwera okha. Udindo umenewu mwa mwambo wathu ngwa atsibweni ndi azakhali, eni mbumba, osati wa aphunzitsi a kusukulu okha. Sukulu zimatsekera mu Ogasiti. Cikanakhala cinthu cabwino mabanja a ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola akanamatumiza ana ao kumudzi sabata ziwiri mwambo usanafike, m'malo mofika nao Lacisanu usiku ndi kucoka Lamulungu m'mawa. Ndipo tikupempha akuluakulu a bungwe kuti aganizire zopatula malo pano pa Mkaika pamene amayi a m'madera a mafumu osiyanasiyana angaonetse mbeu zao ndi kaphikidwe kao, acinyamata akugwira nao nchito, osati kungoonerera.

Mdzukulu wathu uja tinambweza kumudzi sukulu zitangotsekera. Tinapita naye kwa mayi wa kamunda ka mapira, amene anampatsa licero limodzi la mbeu, namuuza kuti apange thobwa. Anabviika mapirawo usiku ndi usana, nawafunditsa ndi masamba pamthunzi, akuwaza madzi m'mawa ndi madzulo kufikira anamera timizu toyera. Anayanika, napera cimera pamphero, zikhatho zikucita matuza. Anaphika phala la ufa wa cimanga, koma cimera anathira phala likali lotentha kwambiri, ndipo silinasungunuke. Linangokhala phala, ndipo linapita kwa nkhumba. Mayi uja sanamkalipire. Anamgwira dzanja, namuonetsa kuyesa kutentha ndi cala, nati, "Mdzukulu wanga, cimera sacithamangira." Ulendo waciwiri phala linasungunuka pamaso pake, lolimba lija nkusanduka madzi otsekemera, ndipo anathamanga kudzatifunsa cimene cacitika. Tinamuuza kuti akafunse aphunzitsi ake a sayansi za mphamvu imene ili m'mbeu yomera yosandutsa ufa kukhala shuga, ndi kuti akawauzenso kumene anaionera.

Mapira otsala sanapere. Mayi uja anasankha ngala zazikulu, nampatsa kuti apunthe, asakanize ndi phulusa, athire m'cikho ndi kumata pakamwa pake ndi dothi. Cikhoco cili pa tsindwi la khichini kumudzi, pamene pamafika utsi, ndipo mwini wake wanena kuti chuthi ca Disembala adzabwera kudzadzala.